Madzi Amene Anatsala mu Injini

Amuna anga anali a ku Dedza, kumapiri, munthu wosadziwa n'kusambira komwe. Ndiye tsiku limene anati tipite ku Indianapolis tikatenge boti, ndinayesa akucheza. Tinanyamuka ku South Bend ine nditangotsika shifiti, tulo tili m'maso, mpaka ku Beech Grove, m'mphepete mwa Indianapolis, kuseri kwa nyumba ya mzungu wina wokalamba. Pamenepo panali kaboti kofiira kosuluka, mipando yong'ambika, masamba ali tho m'kati. Kanapangidwa ife tili makanda.

"Bambo, ulendo wonsewu tayendera beseni limeneli?" ndinafunsa.

Sanandimve n'komwe. Anali atagwada kale pamodzi ndi madala aja, mitu ili m'kati mwa injini.

Kuyambira pamenepo galaja yathu inasanduka ya boti, galimoto n'kumagona panja. Loweruka lililonse anali ndi sipanala m'manja, malaya onse oyilo yekhayekha, ndipo wochapa anali ine. Ndinalalata, ndithu ndinalalata. Koma anamasula injini ija kachitsulo ndi kachitsulo, kutsuka, kubwezera, madala a ku Beech Grove akuwalangiza pafoni. Kumeneku kuli gulu la anthu openga ndi timaboti takale tothamangati. Kukatentha amakumana pa nyanja zing'onozing'ono za kuno, kutsegula mainjini, wina akaliza yake onse n'kuima duu, mitu atapendeketsa, kumvetsera ngati akumva ulaliki. Amuna anga ankati maboti akuluakulu a masiku ano ndi nyumba zoyandama basi, koma kakang'ono kukathamanga umakamva m'mafupa. Ankatinso pakati pa anthu amenewa palibe ankawafunsa kumene anachokera. Ankangofunsa kuti injini ikulira bwanji.

Boti linayenda chaka chimodzi chokha. Mwana wathu wamkazi anaphunzira kuliyendetsa, amabwera tsitsi lili nyankhalala, akuseka. Ine ndinkakhala pamtunda ndi zakudya. Madzi ndimawaopa, sindibisa.

Chaka chotsatiracho matenda anawagwira. M'chipatala ku Indianapolis, mawu atayamba kuchepa, anandipempha chinthu chimodzi. "Mayi, boti lija musagulitse. Kukatentha mukwere kamodzi kokha, mwanayu akuyendetseni. Mukamve injini ndinapanga ija." Ndinavomera. Anatisiya kumayambiriro kwa Okutobala, masamba akuyoyoka.

Achimwene awo aakulu amakhala ku Lawrence. Ndiwo anayendetsa maliro onse, ndipo sindingawanamizire, anagwira ntchito. Anasonkhanitsa anthu akumpingo, anakonza zoti thupi lipite kumudzi, anagona pampando m'nyumba mwanga ngati mlonda. Pofuna malo a mipando ya anamalira, anatulutsa boti m'galaja n'kuliimika pambali pa nyumba.

Tili pasiwa choncho, madala a ku Beech Grove anatulukira. Ulendo wonsewo anayendetsa okha, ndi msana wawo wopindikawo, atanyamula bokosi la zida ndi zigubu za mankhwala. Atandipepesa anafotokoza chimene anadzera. Injini ya boti imamwa madzi a m'nyanja kuti izizizire, ndipo ena amatsalira m'kati. Kukazizira madziwo amaundana n'kutupa, chitsulo n'kung'ambika. Amuna anga anali atalizako boti kamodzi asanagonekedwe, ndiye madzi anali momwemo. Ntchito yake inali yaing'ono, kumasula timabawuti, madzi atuluke.

Alamu anamvetsera mwaulemu, manja kumbuyo, kenako anandikokera pambali.

"Alamu, katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka akumudzi atayankhula. Mukudziwa inu."

"Alamu, sakutenga kanthu. Akungodreina madzi," ndinatero.

"Anthu ali bwalo lonseli, mafoni ali m'manja. Mawa kumudzi amva kuti thupi lisanaikidwe n'komwe, mkazi waitana mzungu kudzamasula katundu. Ndikuteteza inu. Chitsulo n'chitsulo, madzi angachitani? Tilifunditsa bwinobwino."

Ndinakuwa, anthu mpaka anatembenuka. Ndinati kuno si ku Dedza, kuzizira kwa kuno kumaphulitsa mapaipi m'nyumba, inu simunaone? Amayi akumpingo anathamanga kudzandigwira, ati namfedwa salankhula choncho, n'kundibwezera pamatiresi. Pawindo ndinaona alamu akuwaperekeza madala aja ku galimoto, akuwathokoza ndi manja awiri. Madalawo sanafune kukangana pamaliro a mnzawo. Anabweza zida zawo n'kumapita.

Ndipo alamu analifunditsadi. Anagula lona watsopano, pansi pake anayala mabulangete awiri, namanga zingwe mbali zonse. Anachita ndi mtima wonse, ngati akufunditsa mwana wodwala.

Tinapita kumudzi ndi thupi, ine ndi mwana ndi alamu. Kumeneko nkhani ya katundu inakhala ya mawa, mawa. Malume amene anayenera kugamula anali kudwala, ena ati tidikire kaye mwezi uthe. Ndinabwerera mu Disembala ndi kupeza sinowo atakwirira boti mpaka kuoneka ngati chulu. Ndinaima pamenepo ndi masutikesi. Nyengo yonse yozizira ndinkadutsa pambali pake popita kuntchito, osayang'anako.

Sinowo atasungunuka sindinapemphenso chilolezo kwa munthu. Ndinawaimbira madala aja, ndipo anabwera. Anachotsa lona ndi mabulangete, natulutsa kachitsulo koyezera oyilo. Oyiloyo anali ngati tiyi wamkaka. Anawalitsa tochi m'mbali mwa injini, ndipo ndinauona ndekha mng'alu, wautali ngati dzanja langa, dzimbiri likutsika pansi pake. Anavula chipewa. Anati injini ina ikhoza kupezeka, anzawo a m'gulu angathandize kuiika. Mwana wanga anayankha m'Chingerezi, monga amachitira, kuti imeneyo sikhala ya adadi. Analowa m'nyumba n'kudzitsekera.

Ine ndinkafuna yomwe ija, imene inandidyera amuna anga Loweruka lililonse. Ndinalonjeza kuimva pamadzi, ndipo sindidzaimvanso. Zimandipweteka mpaka lero.

Mkwiyo ndinausunga bwino, ndikudikira mwini wake. Mawu ndinawakonza, ena ochita kuyabwa. Ndiye Lamlungu lina alamu anafika kuchokera ku Lawrence, atavala suti yakutchalitchi, nkhope ili ngwee. Sanakhale n'pansi pomwe.

"Alamu, nkhani yabwino! Amalume ayankhula. Akumudzi onse avomera, palibe wotsutsa. Boti ndi lanu ndi mwana. Kukatentha mundiitane, inenso ndikwere nawo, ndimve zimene mng'ono wanga ankatisokosa nazo."

Ndinawagwira dzanja, chinthu chimene sindinachitepo chikwatiwire m'banja lawo, n'kupita nawo pambali pa nyumba. Ndinatsegula chivundikiro cha injini, ndinatenga chala chawo ndi kuchiyendetsa mumng'alu muja kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Madzi aja," ndinatero.

Anayang'ana chala chawo chofiira ndi dzimbiri. Anayang'ana mabulangete awo amene ndinawapinda pamenepo. Kenako anakhala pansi m'matope ndi suti yomweyo, n'kuyamba kulira mokweza, kuitana mng'ono wawo. Pamaliro onse, kuno ndi kumudzi, bambo amenewa sanagwetse msozi, anali otanganidwa kutisamala ife.

Mawu anga onse aja anandithawa. Ndinakhala pansi pambali pawo, m'matope momwemo, ndipo tinalira awiri.