Tsiku Limene Turdiali Anadya Mfumukazi

Ku Margilan kunalibe munthu wosadziwa mikono ya Turdiali. Inali yosalala ngati ya khanda, yopanda ndi kaubweya komwe, chifukwa kuyambira ali mnyamata ankaipisa mu uvuni wadothi, kumata buledi m'zipupa zake zotentha. Buledi wake anali wabwino, pamenepo tisamunamizire. Koma pa tchesi munthuyu anali woumira mochititsa manyazi.

Kuumirako kunali ndi pochokera. Masewerawa anakawaphunzira ku usilikali, kumpoto kozizira, kumene anyamata ankaumba tizidole ta tchesi ndi buledi wakuda. Lamulo lawo linali lakuti ukadya kadole ka mnzako, ukadye ndithu, kakafike m'mimba. Tsiku lina Turdiali anaonerera msilikali mnzake akutafuna kavalo wake, iye m'mimba mukulira, ndipo zimenezo sanaziiwale. Kuchokera pamenepo sanaperekenso kanthu mwadala. Akamagonja ankagonja mochedwa, atakoka masewera mpaka tiyi kuzizira, oonerera kuyamba kuyasamula.

Mnzake wosewera naye anali Normat, wonyika ulusi wa silika mu utoto, wa zala zabuluu zimene sopo anazilephera kalekale. Ameneyu ndiye anali womwaza. Ankataya njovu, kadole koyenda mopingasa kaja, kutaya kavalo, ngati akuwaza maswiti pa ukwati, bola akafike pakhosi pa mfumu ya mnzake. Awiriwa ankakumana masana aliwonse ku choyihona ya Sotvoldi, kumene amuna a m'dera lathu amamwera tiyi, n'kukhala pa chibedi chamatabwa pansi pa mtengo wa mabulosi. Ankanyozana mwaulemu, monga timachitira kuchigwa kuno.

"Ophika buledi inu," ankatero Normat, "asilikali mwawaunjikawo mukusungira ndani? Adzakunyamulani pa maliro?"

"Inu zimwazani, Normat aka, achimwene anga. Otola tilipo."

Pa chibedi chimenecho panali malamulo amene sankakambidwa. Kadole kakayenda kayenda. Kubwezera munthu kadole kake kunali kumuuza kuti ndi mwana, kapena kuti mutu wake sukugwiranso. Ndipo tiyi, monga aliyense adziwa, amathiridwa pang'ono, pansi pa kambale, kuti mnzako uzimuthirira kawirikawiri. Kambale kodzaza ndiye kuti imwa uzipita.

M'nyengo yozizira Normat anagwa pafupi ndi mphika wake wa utoto. Sitiroko inamutengera mbali yakumanja pamodzi ndi mawu. Turdiali ankapita kukamuona m'mawa uliwonse atanyamula buledi wotentha mu nsalu. Ankangokhala, kuyang'ana pansi, kenako n'kubwerera ku uvuni wake mtima ukuwawa. Ku choyihona ankasewera ndi ena, koma sizinkakoma. Panalibe womutukwana bwino.

Mabulosi atayamba kuphuka, Davron, mwana wa Normat, anabwera naye pa njinga ya olumala. Anthu anadzuka, dzanja pachifuwa, kupereka moni. Normat anali ataonda, mlomo utapendekera mbali imodzi. Davron anamukhazika bwino, kenako anakokera Turdiali pambali.

"Amaki, lero ndi lomaliza," ananong'ona, akumuitana ndi dzina laulemu limene timaitanira anzawo a bambo athu. "Ndangowabweretsa kuti atsanzike. Sindifuna anthu aziwaona chonchi. Sadziwanso chimene akuchita. Musewere nawo pang'ono, mowanyengerera, kenako tizipita."

Davron sanali mwana woipa. Ankawasambitsa yekha bambo ake, kuwameta, kuwadyetsa. Koma Turdiali anadziwa tanthauzo la mawu amenewo: chipata cha kunyumba chitsekedwa, ndipo Normat azikangokhala pansi pa mpesa kuyang'ana nkhuku mpaka tsiku lake. Anachita mantha. Komatu naye ankamukayikira mnzakeyo.

Davron anathirira bambo ake tiyi. Poganiza kuti munthu wosalankhula angavutike kupempha wina, anadzaza kambale mpaka m'milomo. Normat anakayang'ana kambaleko nthawi yaitali. Sanakakhudze.

Masewera anayamba. Normat ankagwiritsa dzanja lamanzere, limene silinazolowere, ndipo linkanjenjemera, kugwetsa tizidole toyandikana nato. Oonerera ankatidzutsa mwakachetechete, osayang'anana. Turdiali, chifundo chitamugwira, anachita chimene sanachitepo chibadwire: anasiya msilikali poyera kuti adyedwe. Normat anamuona msilikaliyo, anakweza maso, namuyang'ana Turdiali mwaukali, n'kuyendetsa kadole kena. Turdiali anachita manyazi. Anabwerera ku chikhalidwe chake, kuunjika asilikali ndi nsanja mozungulira mfumu yake, ngati mayi wofunditsa mwana wa chimfine.

Normat anayendetsa njovu n'kukaisiya pakona yakutali, kumene inkaoneka ngati yaiwalika. Anasendeza kavalo pafupi. Kenako anagwira mfumukazi. Dzanja linagwedezeka m'mwamba, linapita uku, linapita uko, n'kuigwetsa pakamwa penipeni pa msilikali wolondera mfumu ya Turdiali.

Wina anabuula chapansipansi. Sotvoldi, amene anali ataima ndi ketulo m'manja, anatembenukira kumbali. Mfumukazi, kadole kamphamvu kuposa tonse, kuperekedwa kwa msilikali wamba, popanda chodya, popanda ngakhale kuopseza kooneka!

"Pepani, amaki, dzanja lawaterereka," anatero Davron. "Dada, tiyeni tiibweze apa pamene inali."

Anatambasula mkono. Kunena zoona, nayenso Turdiali dzanja lake linali litanyamuka kale kuti achite zomwezo. Koma anayang'ana nkhope ya mnzake. Mbali yakumanja inali zii. Kumanzere, nsidze inali itakwera. Nsidze imeneyo Turdiali ankaidziwa kuposa uvuni wake, ndipo nthawi zonse ikakwera chotero iye ankapita kunyumba atakwiya.

"Siya!" Anagwira mkono wa Davron. "Chotsa dzanja, mwana wanga. Pano sitibweza."

"Koma amaki, mukuona nokha kuti..."

"Ndati dikira."

Anawerama n'kuyang'anitsitsa. Poyamba sanaone kanthu. Kenako tsitsi linamuimirira. Msilikali wake akangopatuka kukadya mfumukazi, chitseko chatseguka. Njovu yoiwalika ija, pakona pakepo, inali italoza mzere wonse mpaka kuchipinda kwa mfumu. Kavalo akangodumpha kamodzi, mfumu ilibe kothawira, chifukwa malo onse oyandikana nayo anali odzaza ndi nsanja yake ndi asilikali ake omwe, aja ankawasunga mosamala. Normat anali atamumangira msampha ndi kuumira kwake komwe. Ndipo akaisiya mfumukaziyo osaidya, iyo inali yokonzeka kupha yokha.

Chimwemwe chinamudzadza Turdiali. M'zaka zonse zimene anasewera anali asanaonepo chinthu chokongola chotero, ndipo chinachokera kwa munthu amene onse anali atamuika kale m'gulu la opita.

Njira ina inalipo, ndipo anaiona. Akanatha kutchinga mzere wa njovu, kutaya nsanja, n'kukoka masewera mpaka madzulo monga mwa chizolowezi chake. Mwina dzanja lodwalalo likanatopa n'kulakwitsa. Koma Davron sankadziwa tchesi kwenikweni. Akanangoona bambo otopa, akutuluka thukuta, n'kuwatenga kupita nawo.

"Chabwino, Normat aka," anatero mokweza kuti onse amve. "Mwandipatsa, ndilandira. Ine chaulere sindikana."

Anadya mfumukazi.

Dzanja labuluu linanyamuka pang'onopang'ono. Linagwira kavalo kumutu. Linanjenjemera, linagunda msilikali wina, koma silinataye njira. Kavalo anatera pomwe panagwera mfumukazi yake, nadya msilikali amene anaidya.

Mawu oyenera kunenedwa pamenepo amanena ndi wopambana, koma wopambanayo analibe mawu. Ndiye Turdiali anamunenera.

"Mot," anatero, n'kugoneka mfumu yake. "Ndafa."

"Eee!" Sotvoldi anakuwa, tiyi akutayikira pa nsapato zake. "Akuluwa atipusitsa tonse! Taonani njovu iyo! Inafika liti kumeneko?"

Anthu anaunjikana. Wina anabwezeretsa tizidole kuti aonenso mmene zinayendera, wina ankalumbira kuti iye anaziona kale, anzake n'kumuuza kuti asiye bodza, paja ndi iye anabuula poyamba. Wina anagwira Davron paphewa n'kuyamba kumulozera ndi chala: apa, kenako apa, waona? Davron sankayang'ana chalacho. Ankayang'ana bambo ake, amene theka la pakamwa pawo linkaseka, phewa likugwedezeka.

"Chigawenga inu," anatero Turdiali, akupukuta m'maso ndi mkono wake wosalala uja. "Zaka zonsezi mwakhala mukumwaza zinthu ngati chitsiru, kani munkaphunzirira za lero? Ndipo munandiona ndikukumverani chisoni, inu n'kungokhala phee!"

Anatenga kambale kodzaza kaja n'kukhuthulira tiyi wozizirayo patsinde pa mabulosi. Anathiramo wotentha, pang'ono chabe, pansi penipeni, napereka ndi dzanja lamanja, lamanzere lili pachifuwa. Normat analandira. Anamwa osataya ngakhale dontho.

Davron anafinya chipewa chake. Kenako anakhosomola.

"Amaki, mawa ndiwabweretse nthawi yanji?"

"Ufulumire nawo. Ndikangotseka uvuni ndiwapeze pano. Ameneyu sindimusiya."

Normat anaika kambale pansi n'kugogoda pa thabwa ndi chala. Anthu sanamve chimene akufuna. Anagogodanso, natambasula chikhatho chake chabuluu kwa Turdiali. Apo m'pamene wophika buledi uja anazindikira kuti mfumukazi ija anali adakaifumbatira, mwamphamvu mpaka kusiya chizindikiro m'dzanja. Anafumbatula, naiika m'chikhatho cha mnzake. Normat anaiimika pamalo pake poyambira, nayamba kufola asilikali ake mmodzimmodzi.