Chaka chimene ndinabwereza sitandade 2

Sukulu ndinalekezera sitandade 3 kwathu ku Dowa, ndipo sindinkaganiza kuti ndidzapondakonso. Koma chaka chimene amuna anga anamwalira ndinalowanso sitandade 2, imvi zitayamba kale, ndipo ndinapita miyezi itatu osajomba ngakhale tsiku limodzi. Palibe amene anandilemba m'kaundula. Ndinadzilemba ndekha.

Ku Nkhamanga, kumpoto kumene amalankhula Chitumbuka, ndinabwera ndi ukwati. Amuna anga anali a komweko, ankalima fodya ndi chimanga. Mwana wathu wotsiriza, wamkazi, anabadwa titaiwala kale zobereka, akulu ake awiri ali pafupi kukwatiwa. Bambo ake ndi amene ankamukweza pa njinga m'mawa uliwonse n'kukamutsitsa pa sukulu. Iwo anadwala milungu itatu yokha, fodya akadali m'chigafa, n'kutisiya.

Anthu a pamaliro atabalalika, mwanayo anakana sukulu. Sankalira mokweza ayi. Ankavala yunifolomu, n'kutenga kapu yake, n'kukaima pakhonde pamene njinga inkatsamira, kenako n'kukhala pansi. Apongozi anga, amayi a malemuwo, anati ndimusiye apume mlungu umodzi. Mlungu unatha, wachiwiri unathanso. Pamenepo mantha anandigwira, chifukwa inenso sukulu ndinaisiya chomwecho. Amayi anga atamwalira anthu anati ndipume mlungu umodzi, ndipo mlungu umenewo sunathe mpaka lero. Ndinalumbira mumtima kuti mwana uyu sadzasainira ndi chala ngati ine.

Lolemba lotsatira ndinamugwira dzanja mpaka kusukulu. Pakhomo la kalasi anakakamira nsalu yanga. Aphunzitsi ake anali mayi wamtali wolankhula mosathamanga, mwana wa mkulu wa mpingo, wovala juzi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anandiuza kuti ndikhale pansi pa mtengo wa kesha umene unali pafupi ndi zenera, kuti mwanayo azindiona, kwa tsiku limenelo lokha. Mawu akuti lokha sindinawamve bwino. Lachiwiri ndinabweranso, ndipo Lachitatu ndinabwera ndi kampando.

Sukulu inali itakhala yaulere kwa zaka zingapo, ndipo ana anali ochuluka moti a sitandade 2 ankakhala pansi mothithikana, mawondo kugundana. Makolo anali ataumba njerwa za buloko yatsopano n'kuziwotcha mu uvuni kuseri kwa bwalo la mpira. Kunalinso phala. Amayi ankaphika mosinthana, mudzi uliwonse tsiku lake, ndipo mwana aliyense ankayenera kubwera ndi kapu ndi chikuni chimodzi. Wobwera wopanda chikuni ankaima kumapeto kwa mzere, kumene phala limafika litapola.

Ine ndinaona kuti mwana wamasiye sayenera kunyamula chikuni. Ndinkasenza ndine, osati chimodzi koma mtolo wathunthu, ngati ndikupita kukagulitsa ku msika wa ku Bolero. Kapu ndinkanyamulanso ndine. Belu la phala likalira ndinkaima pa mzere pakati pa ana ondilekeza m'chiuno, kapu ili m'manja, mwana wanga atakhala pa kampando kanga. Amayi ophikawo ankavala zitenje zawo za zipani, zachikasu, zobiriwira, zamtambo, nkhope za anthu akuluakulu zikugwedezeka kumbuyo akamatakasa phala. Ine ndinali mu zakuda kuyambira duku mpaka kumapazi. Ana anayamba kunena kuti chaholi wafika, ndiye kuti khwangwala m'Chitumbuka. Masiku oyamba ndinkayang'ana mumtengo kuti ndimuone nanenso.

Kukhala pazenera kunandilowa. Ndinaphunzira nyimbo zawo zonse, ndipo samu zochulukitsa ndinkazinong'ona nawo. Tsiku lina aphunzitsi anafunsa kuti 3 kuchulukitsa ndi 4 ndi zingati. Kalasi yonse inangoti zii. Ndinadikira, ndinadikiranso, kenako pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinati seveni, mokweza ndithu. Aphunzitsi anasuzumira pazenera, choko chili m'manja.

"Akunjako mwayesetsa, koma mwaphatikiza. Pano tikuchulukitsa."

Ana anaseka mpaka ena kugona chagada. Ndinaseka nawo kuti zipite, koma ndinaona mwana wanga ataweramitsa mutu pakati pa mawondo. Ndinaganiza kuti wakumbukira bambo ake.

Nthawi yopuma atsikana ankasewera fulaye. Tsiku lina mpira unamenya mwana wanga pamsana, monga mmene masewerawo amakhalira, ndipo ine ndinadzuka pa kampando ngati ndaona njoka. Ndinalanda mpirawo, kampira ka mapepala a pulasitiki komanga ndi luzi, n'kukamangirira kunsonga ya nsalu yanga. Ndinawauza m'Chitumbuka changa chopindika kuti mwana wopanda bambo samenyedwa. Kuyambira tsiku limenelo palibe anamuitananso ku fulaye. Nthawi yopuma ankabwera kudzakhala nane pansi pa kesha, tonse awiri n'kumaonerera anzake. Ine ndinkauza amayi ophika kuti aone okha mmene ana amasalira amasiye, ndi kuti zikanakhala bwanji ndikanapanda kumabwera. Iwo ankangovomera kuti nadi, nadi, n'kupitiriza kutakasa.

Zinafika pachimake mwezi wa Julaye, mphepo yozizira ikutsika kuchokera ku Nyika. M'mawa umenewo tinachedwa, ndipo wochedwetsa ndinali ine. Madzi osamba a mwanayo ndinawatenthetsa kawiri poganiza kuti oyambawo apola. Tinafika ana atalowa kale. Lamulo la masiku amenewo linali lakuti wochedwa aliyense atute njerwa zisanu kuchoka pa uvuni kukaika pamene ankamanga buloko. Oyang'anira ochedwa mlungu umenewo anali aphunzitsi aamuna achinyamata, ongobwera kumene pasukulupo. Anawerenga ana asanu ndi atatu, wanga wachisanu ndi chinayi.

Ndinawauza kuti mwana wanga sanyamula njerwa, ndinyamula ndine. Anachita manyazi, n'kundiuza mwaulemu kuti chilangocho ndi cha ana, makolo anachita kale mbali yawo poumba. Sindinawamvere. Ndinapinda nkhata, ndipo pofuna kuonetsa kuti kwathu ntchito timaidziwa, ndinasanja njerwa zisanu ndi zitatu pamutu nthawi imodzi. Ndinalowa mu mzere wa ochedwa, mayi wamkulu wa zakuda pakati pa tiana tonyamula njerwa imodzi imodzi pachifuwa. Njira yake inkadutsa kutsogolo kwa makalasi onse.

Pafupi ndi sitandade 5 patapata wanga anaduka. Ndinaponda nsonga ya nsalu, njerwa zinatsogola, ine n'kutsatira. Zisanu zinasweka pakati. Mazenera onse anadzaza mitu. Ndinamva wina akufuula kuti chaholi wagwa, ndipo phokoso lake linafika mpaka kwa amayi ophika, amene anabwera ndi zipande m'manja kudzaona. Ndili chigonere m'fumbi ndinaona mwana wanga akudutsa pambali panga ndi njerwa ziwiri, imodzi m'khwapa, ina pamutu. Sanandiyang'ane. Anapita katatu mpaka zisanu zake zinakwana, n'kupukuta manja pa yunifolomu, n'kulowa m'kalasi.

A hedi anandiitanitsa ku ofesi. Ndinalowa patapata mmodzi ali m'manja, ndipo ndisanaganize n'komwe ndinali nditagwada ngati mwana wa sukulu. Anandiuza kuti ndikhale pa mpando. Aphunzitsi a juzi aja analinso momwemo. Ndinayamba ndine kulankhula, poti ndinkadziwa kuti ndi za njerwa. Ndinati ndiumba zina, koma amvetse kuti mwanayu sanalimbe mtima, ndipo tsiku limene ndidzasiye kubwera ndi tsiku limene adzasiye sukulu. A hedi anayang'ana aphunzitsi aja, iwo n'kuyang'ana pansi kaye.

Kenako aphunzitsiwo anandiuza kuti mlungu wachiwiri weniweni wa kubwera kwanga, miyezi iwiri ndi theka m'mbuyomo, anamufunsa mwanayo ngati angathe kumabwera yekha. Anandibwerezera yankho lake mmene analimvera.

"Ine ndingathe, aphunzitsi. Koma amama sangathe. Akatsala okha amakhala pa mpando wa adada n'kumalira, osadya. Ndiye ndimabwera nawo kuno kuti aziona anthu. Musawathamangitse, azolowera."

Anati chifukwa cha pempho limenelo anagwirizana onse kuti andileke. Amayi ophika ankadziwa, aphunzitsi onse ankadziwa, kupatula achinyamata atsopano aja amene palibe anawauza. Anati akanandilekabe, koma tsopano mwanayo alibe mnzake ngakhale mmodzi, sakwezanso dzanja m'kalasi poopa kuti ndiyankha nawo, ndipo zikapitirira chomwechi adzaida sukulu n'kuisiyadi.

Miyezi yonseyo ndinkayenda m'njira mutu uli m'mwamba, ndikuganiza kuti ndikuperekeza mwana, pamene woperekezedwa ndinali ine. Ndinangothokoza m'Chitumbuka kuti yewo, yewo chomene, ngati andipatsa mphatso. Ndinatuluka n'kukatenga kampando kanga pansi pa kesha.

Pobwerera kunyumba ndinayenda ndi mwanayo mpaka pa mlatho wa mitengo. Pamenepo ndinamufunsa ngati mawa angapite yekha. Anandiyang'ana kuchokera ku duku mpaka ku phazi lopanda patapata lija.

"Inuyo mutha kukhala nokha?"

"Ndiyesa."

"Mukapite kwa agogo kukatongola chimanga. Pa mpando wa adada musakhalepo. Ndipo mundipatse mpira wa eni ake."

Mpirawo unali udakali m'nyumba, pamwamba pa kabati, pamene ndinauika ngati katundu wa polisi. Ndinaupereka.

M'mawa mwake anasankha yekha chikuni chimodzi, n'kumangirira kapu ku lamba wa yunifolomu, mpira m'thumba la mabuku. Ine ndinati ndikutaya zinyalala, n'kumutsatira chapatali mpaka pa chulu cha kumapeto kwa munda wathu. Anatembenuka ngati wina wamuuza. Anangoloza kunyumba ndi chikunicho. Ndinabwerera.

Sindinganame kuti tsikulo ndinalimba. Pabwalo ndinasesa katatu. Pa mpando uja ndinakhalapo pang'ono, n'kudzuka msanga poopa kuti adzandifunsa. Kwa apongozi ndinapitadi, ndipo tinatongola chimanga tikulira tonse awiri, iwo mwana wawo, ine mwamuna wanga. Ndinali ndisanaganizepo kuti nawonso ankatsala okha m'mawa uliwonse pamene ine ndinali kalikiliki ndi sitandade 2.

Masana mwanayo anafika, funso lake loyamba linali lakuti ndadya chiyani. Ine ndinafunsa ngati atsikana a fulaye aja amulola kusewera. Anati ayi, alandira mpira koma amuuza kuti aziwatolera ukapita patali. Magazi anga anawira, ndinafuna kupita mawa lake kukalankhula nawo atsikanawo, ndipo anazindikira ndisananene. Anangondiyang'ana, ine n'kupitiriza kupeta. Anatola mpira mlungu wathunthu. Mlungu wotsatira anabwera bondo litasupuka, mpendero wa yunifolomu utasomboka, akulongosola mosapuma mmene anazindira mpira kasanu ndi kawiri asanamumenye. Ndinatsuka bondolo ndi madzi a mchere, pakamwa nditatseka.

Kusukulu ndinkapitabe, koma Lachinayi lokha, tsiku la mudzi wathu lophika phala. Nthawi yoyamba mwanayo anafika pa mzere wanga ndi anzake awiri, akukankhana. Ndinamuthirira chipande chimodzi monga wina aliyense, koma dzanja langa linabwereranso mumphika lokha. Iye anaphimba kapu ndi chikhatho n'kusuntha kuti wotsatira afike. Mayi wina amene ankagawa nane anandigunda ndi chigongono.

"Chaholi, gawa. Mzere ndi wautali."

Dzinalo linandikanirira ngakhale nditavula zakuda, ndipo mpaka lero ana a anthu amene anali pa mazenera tsiku lija amandipatsa moni nalo, ena osadziwa n'komwe kumene linachokera. Mwana wanga sanajombenso kupatula akadwala malungo. Mayeso a sitandade 8 analembera mu buloko yatsopano ija. Njerwa zisanu zimene ndinalonjeza ndinaumbadi, koma mmisiri anati zoswekazo sanataye, zidutswa zimafunika pomanga m'mbali mwa chitseko. Zilipo kumanzere polowa, mzere wachitatu kuchokera pansi. Tsiku limene ankayamba mayesowo sindinamuperekeze. Anandisiya kwa agogo ake ndi lichero la mtedza woti tiswe.