Mlandu wa Che Nasibu ndi Eni Ndege

Che Nasibu, mwamuna wa mchemwali wanga Faridah, anali munthu wa maluwa. Kwawo kunali ku Ntaja ku Machinga, koma zaka zawo zambiri zinathera ku Hout Bay, ku Cape Town, akutchetcha kapinga ndi kuthirira maluwa a azungu, kenako n'kukagona ku Imizamo Yethu m'kanyumba ka malata. Sanali munthu wa mawu ambiri. Ukati muli bwanji, amayamba aganiza kaye. Faridah ankati anakwatiwa ndi munthu wocheza ndi mitengo kuposa anthu. Kwa madamu wokalamba kumene ankagwira ntchito kunali mtengo wa mandimu wopanda wodya, ndiye kwa Faridah tiyi yense anali wa mandimu, ufune usafune.

Chimene chinawadya mtima chinayamba pamene mayi awo anamwalira kumudzi. Foni anaimba ndi a Tabia, alongo awo aakulu, mayi wa mawu ngati belu la pasukulu. Che Nasibu ndiwo anali mwana wamwamuna yekhayo, mwini mbumba. Wotsikira m'manda kukalandira thupi la mayi ndi manja awiri anayenera kukhala iwowo. Ife Asilamu maliro sitisunga, koma anachonderera. Anati, "Achemwali, auzeni ashehe adikire mpaka mawa masana. Ndikwera ndege." Madamu uja anawathandiza kugula tikiti, ashehe anavomera, ndipo Faridah anawaperekeza pa eyapoti mbandakucha atavala mkanjo wawo woyera.

Ndege yochoka ku Cape Town siinanyamuke. Anati dikirani pang'ono, kenako dikiraninso, mpaka dzuwa linapendeka. Pofika ku Jubeki, ya ku Blantyre inali itapita kalekale. Kumudzi anadikira, anadikira, kenako anaika. M'manda munatsikira mwana wa aneba. Che Nasibu anakapeza mtumbira utayamba kale kuuma.

A Tabia sanawalandire ndi madzi akumwa. Anati, "Ndege imachedwa ngati minibasi ya ku Liwonde? Imadikira kuti idzaze? Nenani zoona achimwene, mkazi wanu wa ku Mangochi uja ndiye anakugwirani mwendo." Che Nasibu anawaonetsa chithunzi cha bolodi ya pa eyapoti pafoni. A Tabia anati zithunzi ana amapanga okha masiku ano. Atabwerera ku Cape Town, Che Nasibu anapeza atachotsedwa pa gulu la banja la pa WhatsApp, ndipo foni yawo a Tabia sankayankhanso.

Mwana wa madamu ndi amene anabweretsa nkhani yoti ndege ikakuchedwetsa umatha kudandaula. Anawalembera zonse pa kompyuta. Patapita nthawi yankho linabwera pafoni, lakuti pepani, tikukupatsani tikiti ina yaulere. Faridah anaomba m'manja kukondwa. Che Nasibu anayang'ana foni ija nthawi yaitali.

"Wabweretsa ndani?"

"Palibe wabweretsa, abambo. Yangobwera."

"Ndiye wapepesa ndani?"

"Kampani."

"Kampaniyo wakhala pati? Wayang'ana ndani m'maso?"

Che Nasibu anamufotokozera Faridah pang'onopang'ono ngati mwana. Kwathu mbuzi yako ikadya chimanga cha mnzako, suponya chipepeso pamwamba pa mpanda iwe n'kuthawa. Umapita ndi miyendo yako, umakhala pansi, umanena ndi pakamwa pako kuti mbuzi ndi yanga, anthu akumva. Pepala silichita manyazi, likhoza kunama osaphethira. Iwo tikiti sankaifuna. Ankafuna munthu mmodzi wa eni ndege apite ku Ntaja, akakhale pakhonde la a Tabia, akanene kuti mwana uyu sanathawe maliro a mayi ake, tinamuchedwetsa ndife.

"Ku Ntaja? Anthu a ndege?" anafunsa Faridah.

"Nanga ndege si zawo? Transipoti iwavute iwowo?"

Apo Faridah anaona kuti mwina akunena zoona. Mwinanso ayi.

Ndiye Lamlungu lililonse akakhala pa ofu, Che Nasibu ankavala mkanjo, n'kudzaza mandimu m'jumbo, chifukwa kwa eni mlandu supita chimanjamanja, n'kukwera mataksi mpaka ku eyapoti. Faridah ankatsatira chifukwa chizungu chake cha m'makitchini chinali chabwinoko. Pa kauntala ya kampaniyo panali mayi wina wa konkuno, Msilamu mnzathu wovala mpango, dzina lake Laila. Tsiku la ndege lija analinso pa ntchito, ndipo anawakumbukira.

Ulendo woyamba Laila ataona jumbo pa kauntala anadzidzimuka. Anati sangalandire, angamuchotse ntchito. Che Nasibu anati muuze kuti si ziphuphu, ndi mandimu. Kenako anafunsa kuti mwini ndege ali mu ofesi iti.

Laila anati ndege ilibe mwini mmodzi.

"Chabwino. Amene anaiimitsa tsiku lija ndani?"

Laila anati panali kachitsulo kena kanavuta, amakanika anakana kuti inyamuke, ndipo anachita bwino, apo ayi anthu akanagwa m'mwamba.

"Ndiye wolakwa ndi makanika?"

Ayi, makanika sanalakwe.

"Woyendetsa?"

Ayinso.

Che Nasibu anatembenukira kwa Faridah. "Ukumasulira bwino iwe? Akupereka tikiti, ndiye kuti avomera kulakwa. Koma wolakwa palibe. Mlandu wopanda wolakwa umaweruzidwa bwanji?"

"Inenso sindikumva, abambo."

"Mufunsenso."

Anafunsanso, yankho lomwelo. Kumbuyo mzere unali utatalika, mzungu wina akuwuzira mpweya ngati ng'ombe.

Laila sanali munthu woipa. Anati alemba kalata ya chidindo. Che Nasibu anati pepala ayi. Laila anati ndiye aimbe pa vidiyo alankhule ndi a Tabia. Anayesa kudzera pafoni ya msuweni, a Tabia n'kuyankha kuti yunifomu imagulidwa pa kaunjika, asandipusitse. Miyezi inapita. Alonda a pa eyapoti anawazolowera, akangowaona ankati abwera aja a mandimu. Laila anayamba kulandira jumbo ija mobisa pansi pa kauntala, akuti amayi ake amawaika mu nsomba. Koma za ku Ntaja ankangoti, "Bambo, ine tchuthi changa chomwe ndimachita kupempha. Ndipita bwanji ku Malawi?"

Anzawo ku mzikiti ankawaseka. Wina anati, "Che Nasibu, mlandu wanu ndi ndege uli pati? Yabwera kudzagwada?" Iwo ankangoti ikubwera. Kunyumba anasiya kudya bwino. Faridah tsiku lina anapsa mtima. Anati, "Tengani tikitiyo basi, tipite tikaone ana. Alamu akafuna kukwiya akwiye." Iwo anati, "Iwe dzina lako lili pakamwa pa anthu kuti unandigwira mwendo. Langa lili pakamwa pa anthu kuti ndinasiya mayi anga alandiridwe ndi mwana wa eni. Ndikafa mawa, ana athu akalowa pakhomo la ndani ku Ntaja?" Ana awo awiri analidi kumudzi, ndipo a Tabia anali atasiya kuwatuma ngakhale madzi.

Nzeru inawabwerera Che Nasibu akuthirira maluwa. Anafika kunyumba nsapato zili matope okhaokha, akumwetulira koyamba chibwerereni ku maliro. Anati, "Ngati eni ndege sangapite ku Ntaja, Ntaja abwera kwa eni ndege. Tikiti ija ikwere achemwali." Laila atamva anagwira pamutu, anati tikitiyo ili m'dzina lanu, si zophweka. Koma anathamanga nazo m'maofesi mwawo mpaka zinatheka. Kumudzi anatuma amalume kukanyengerera. A Tabia anati, "Ndipita, ndikamuone wabodzayo m'maso. Komanso maondo angawa akawaone madokotala akumeneko." Pasipoti inatenga nthawi yake, koma tsiku linaikidwa.

Che Nasibu anakonzeka ngati kukubwera ukwati. Anagula matiresi, anapenta chitseko, anathyola mandimu abwinoabwino n'kuika pambali. Sabata yomwe a Tabia amabwera Loweruka lake, iwo anagwa ku ntchito payipi ili m'manja, madzi akungothira pa njira. BP inali ikuwavuta kale koma mankhwala ankamwa akakumbukira. Kuchipatala sanadzukenso.

A Tabia anaimba akulira. Foni imene anakana kuyankha chaka chonse anaimba okha. "Alamu, musaike. Ndikubwera Loweruka, tikiti ndili nayo m'manja. Auzeni ashehe adikire." Faridah anakafunsa. Ashehe anati kudikira mpaka Loweruka sikungatheke, mukudziwa nokha. Anawaika mawa lake konkuno ku Cape Town, anzawo a ku mzikiti ndi amene anatsikira m'manda.

Loweruka Faridah anapita ku eyapoti. Sankadziwa ngati mlandu umakhalapobe mwini wake atapita. Sankadziwa ngati alamu akewo amutukwana kapena amukumbatira. Potuluka m'nyumba anaona jumbo ya mandimu ija pakona, anangoinyamula, osadziwanso chifukwa chake.

A Tabia anatulukira akutsimphina, chitenje chakuda, maso otupa. Analira onse awiri pakati pa anthu a masutikesi. Atapukuta misozi a Tabia anati, "Munthu uja ali kuti?"

"Alamu, mwatopa, tiyeni kunyumba kaye."

"Ndabwerera chiyani? Ali kuti?"

Anakwera pamwamba, ku kauntala ija. Laila ataona Faridah anamwetulira, maso akufunafuna kumbuyo kwake. Anafunsa kuti bambo ali kuti lero. Faridah atamuuza, Laila anatseka pakamwa ndi dzanja, n'kunena mawu aja timanena tonse, akuti kwa Allah tinachokera ndipo kwa Iye tidzabwerera. A Tabia anawamva mawuwo popanda womasulira. Anamuyang'ana kuyambira ku mpango mpaka ku nsapato. Kenako anayala chitenje pansi, pa matailosi, kutsogolo kwenikweni kwa kauntala, n'kukhala, miyendo tambalale. Faridah anachita manyazi, koma mlamu wamkulu akakhala pansi iwe sungaime. Anakhalanso.

Mlonda anabwera akuthamanga. Laila anamukwezera dzanja, anaitana mnzake kuti agwire mzere, anazungulira kauntala, n'kukhala pansi nayenso, siketi ya yunifomu akuikokera m'maondo.

A Tabia anati, "Muuzeni anene zimene anaona ndi maso ake. Za makina ayi."

Laila anafotokoza, Faridah akumasulira. Anati bambo aja tsiku limenelo sanakhale pampando ngakhale kamodzi. Ankabwera pa kauntala, kubwerera pa windo, kubweranso. Chakudya chimene kampani inagawa sanachikhudze. Ataona ndege ya kampani ina ikukweza anthu a ku Jubeki, anabwera n'kundigwadira, anatero Laila. Ndinati yadzaza. Iwo anati palibe kanthu, ndiima pakhomo, ndigwira chitsulo, chikwama ndisiya konkuno. Ndinati mu ndege saima. Anati ndiye ndikhale pansi pakati pa mipando, sindisokoneza munthu.

A Tabia anatulutsa kamawu, kaya kunali kuseka kaya kulira. "Ameneyo ndi Nasibu. Kuyambira ali mwana, pa lole ankakwera choncho. Zimenezo munthu sangapeke."

Laila anawagwira dzanja. Anati iye si mwini ndege, si makanika, koma pakamwa pamene panauza bambo aja kuti dikirani pang'ono tsiku lonse lija ndi pakepa. Anati pepani mama.

A Tabia anakoka jumbo ija m'manja mwa Faridah n'kuiika pa miyendo ya Laila. Faridah mpaka lero samvetsa. Wopepesa ndi amene amabweretsa kanthu, nanga apa wapepesa ndi amene walandira. Kampani inapereka tikiti, tikitiyo yakwera munthu amene sanachedwe, amene anachedwa ali m'manda. Ndiye analipidwa ndani? Ndinamufunsa ine, anati usandifunse, mutu umandipweteka.

Mu taksi a Tabia anati mawa mukandionetse kumene mwawagoneka, ndikaime pa geti pomwe timaima azimayi. Kenako anatulutsa foni, anaiyandikiza pakamwa, n'kulankhula mokweza ngati akuitana munthu kutsidya kwa dambo, taksi yonse ikumva. "Nonse a pa Ntaja mumve. Ndaonana naye mwini wake maso ndi maso. Ndege inachedwadi. Achimwene sananame, ndipo alamu anga sanagwire munthu mwendo. Ana aja apite kunyumba kwanga, akadye kumeneko." Anabayabaya foni ija ndi chala chimodzi, akudandaula kuti zilembo ndi zazing'ono.

M'chikwama cha Faridah munalira kanthu. Inali foni ya malemu, imene ankangoyenda nayo osadziwa kuti aitani. Anaitulutsa. A Tabia anali atawabwezera Che Nasibu pa gulu la banja.