Ku Neno Kulibe Mphesa

Anafika Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Juni, osaodira n'komwe. Ndinali pakhonde kusankha mbewu ya kachewere, ndipo nditadzutsa mutu ndinangoona nsapato zakuda za apolisi awiri.

"Madala, ndinu munawerenga mawu kutchalitchi Lamulungu?"

"Ndine, bwana."

"Tengani bukulo, tiyeni."

Mayi akunyumba anathamangira kuchipinda kukanditengera jekete. Sanalire. Anangoti, "Bambo, mukayankhe zofunsidwa zokha. Pakamwa panupo ndimapadziwa." Ankanena zoona, ndine munthu wosachedwa kubweza mawu.

Ndifotokoze kaye mmene timachitira pampingo pathu. Ndi kampingo kakang'ono ka kumapiri, abusa amatiyendera mwa apo ndi apo chifukwa cha msewu. Makolo amene anayambitsa mpingowu anatisiyira lamulo limodzi: Baibulo tiziwerenga motsatana, osadumpha, osasankha. Pamene talekeza timaikapo nthenga ya nkhanga, ndipo Lamulungu lotsatira timayambira pomwepo. Ngakhale mayina a mibadwo aja, osinzitsa anthu, timawawerenga onse. Makolowo ankaopa kuti wowerenga akayamba kusankha, mpingo uzingomva zomukomera iyeyo.

Lamulungu limenelo nthenga inatifikitsa pa nkhani ya mfumu ija inasirira munda wa mphesa wa mnansi wake, mwini munda n'kuphedwa, mfumu n'kulanda mundawo. Ndinawerenga mpaka pamene mneneri anaipeza mfumuyo m'mundamo n'kuidzudzula. Nthawi itatha ndinatseka buku. Sindinalalikire, sindinaloze munthu. Koma tchalitchi chonse chinangoti zii, chifukwa kutsogolo kunakhala mkulu wina wamalole, wogula manachesi, yemwenso anatipatsa malata a tchalitchicho. Mwezi womwewo anali atatchinga ndi waya munda wa manachesi wa mayi ena amasiye a mumpingo mwathu, ati malemu amuna awo anamupatsa asanamwalire. Mkuluyo anatuluka tisanaimbe nyimbo yotsekera.

Kupolisi anandivula lamba ndi nsapato, Baibulo n'kulimata kapepala kolembedwa kuti umboni. Mlandu wanga ati unali wonyoza munthu pagulu. Wapolisi wondifunsa anali wa mawu okweza, wosakonda kukhala pansi.

"Munda wa mphesawo uli mudzi uti?"

"Suli kuno, bwana. Ndi nkhani yakalekale, ya m'Baibulo."

"Musandipusitse, madala. Ku Neno kuno mphesa munaziona kuti? Mumanena manachesi inu. Mwangosintha chipatso kuti tisakugwireni, eti?"

Ndinaseka. Pamenepo ndinalakwitsa, ndikuvomera, ndipo malangizo a mayi aja ndinawakumbukira mochedwa. Zimene zinatsatira sindizilemba zonse. Khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero.

M'chitokosi tinalimo asanu ndi awiri, ndowa imodzi, mabulangete awiri. Wodziwa kuzizira kwa Juni kumapiri kuno sindingamuuze zambiri za simenti yopanda mphasa. Anzangawo, ambiri a milandu ya mbuzi ndi makala, atamva mlandu wanga anaseka mpaka kutsokomola, n'kunditcha Amphesa. Ankandipempha kuti ndiwasimbire nkhaniyo, kenako ina, ndi inanso, ndipo ndinadabwa kuti popanda buku mawu ankangobwera okha. Zaka zonse zowerenga motsatana zija sizinapite pachabe. Mantha ndinali nawo, sindinama, koma mtima unali m'malo.

Lachitatu masana wapolisi uja anandiitana n'kundiikira pepala patebulo. Linkati nkhani ya mundayo ndinaipeka ndekha, ndikupepesa, ndipo mutu umenewo sudzawerengedwanso pampingo pathu.

"Sainani apa basi, mukagone kwanu lero lomwe."

Pakhomo panga ndinapalakalaka kwambiri. Koma ndinaganiza za nthenga ija. Tikadumpha mutu umodzi chifukwa cha wopereka malata, mawa wopereka mabenchi adzadana ndi mutu wina, mapeto ake tidzatsala ndi chikuto chokha. Ndinati, "Bwana, kupepesa ndingathe, ngati alipo amene mtima unamuwawa. Koma kunena kuti ndinapeka ine, ayi. Nzeru zimenezo ndilibe." Anandibwezera m'chitokosi, ndipo tsiku limenelo chakudya chimene mayi anabweretsa sichinandifike.

Lachisanu m'mawa mkulu wa apolisi pamalopo anabwerako kuulendo. Anali bambo aimvi, olankhula pang'onopang'ono. Ndinawapeza atatsegula Baibulo langa pamene panali nthenga, magalasi ali pamphuno.

"Umboniwu ndauwerenga wonse," anatero. "Inu munalekeza pati?"

Ndinaloza ndi chala.

"Ndiye mutuwu simunaumalize. Kwatsala kachigawo kumapetoku."

"Nthawi inatha, bwana. Kameneko n'ka Lamulungu likubwerali."

Kenako anamatula kapepala kaja pachikuto, n'kubwezera nthenga pamalo pake penipeni. "Pitani mukamalize. Mlandu palibe." Za khutu langa sananene kanthu, inenso sindinafunse.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza, ena anachita kuima m'mazenera. Akulu a mpingo awiri anandikokera pambali n'kunong'ona kuti mwina tilumphe kaye, tiyambe mutu wotsatira, zinthu ziphwe. Ndinawakumbutsa lamulo lathu, ndipo sindinganene kuti ndinawakumbutsa mwaulemu. Mkulu wamalole uja analipo, atakhala kumbuyo pafupi ndi khomo.

Ndinatsegula pa nthenga. Kachigawo kotsalako kamanena kuti mfumu ija, itamva mawu a mneneri, inang'amba zovala zake, inasala kudya, n'kumayenda mwakachetechete, ndipo Mulungu anaona kudzichepetsa kwakeko. Ndinazindikira kuti sabata yonse ija inenso ndinkafuna nkhaniyo ithere pa chilango, koma buku silinathere pamenepo. Tikanadumpha, tikanadumpha chifundo. Tsiku limenelo mkuluyo anakhala mpaka nyimbo yotsekera.

Si kuti zonse zinakonzeka pomwepo. Waya uja anachoka patapita miyezi, achibale atakhalirana pansi kangapo, ndipo mitengo ina sinabwerere kwa eni ake. Ine palibe anandipepesa. Komabe ndine wokhutira. Kale ufulu ndinkauyesa kutuluka pageti la polisi, lamba ali m'chiuno. Tsopano ndimaumva Lamulungu lililonse, ndikamatsegula buku pamene pali nthenga osayamba ndayang'ana amene wakhala kutsogolo.

Nyengo ya manachesi ikafika, mayi amasiye aja amabwera ndi dengu pamutu. Amalitula pakhonde pompaja panaima apolisi, n'kukuwa mokweza chifukwa cha khutu lija:

"Odi kuno, bambo! Ndakubweretserani mphesa zanu."