Mawu Ofiira Pambali pa Dzina Langa

Dandaulo langa loyamba ndinalitumiza Lolemba, sabata yoyamba ya Juni, mwera utangoyamba. Lina linatsatira patatha masabata awiri, lomaliza mu Ogasiti. Onse atatu ndinawakopera ndi dzanja m'kope, chifukwa foni siisiya kaboni. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki pa boma mpaka kupuma, ndipo ndikudziwa kuti nkhani yopanda pepala imafa ndi mwini wake.

Nkhani yake ndi ya bawo. Kuyambira pa unyamata ndakhala ndikusewera ndi munthu mmodzi, telala wa pamsika amene tonse timangowatcha Afundi. Iwo ndi Msilamu, ine wa Angilikani, thabwa limodzi pakhonde la shopu yawo. Miyendo itayamba kutupa anasiya kupalasa makina, ndipo mwana wawo wamkazi anawatengera ku Ngala. Mwana yemweyo ndiye anatiikira masewero a bawo m'mafoni, ochokera m'sitolo ija ya pa foni, momwe mulibe wogulitsa woti n'kumuyang'ana m'maso.

Masewerowo ndinawakonda, sindikana. Nkhomo sizitayika, ndipo palibe wobisa ziwiri m'chikhatho. Koma opanga anaikamo wotchi. Ukapanda kusuntha nkhomo mpaka wotchiyo kutha, masewero amapita kwa mnzako, ndipo pambali pa dzina lako pamalembedwa ndi zilembo zofiira kuti "wathawa".

Ine zandichitikira katatu. Koyamba ndinali pakhonde langa, ndikusewera ndi munthu wosamudziwa, pamene maliro anatulukira mumsewu wopita kumanda. Ndinaika foni pansi, ndinavula chipewa, ndinaimirira mpaka amayi omaliza atadutsa. Pokhala pansi ndinapeza kuti ndathawa. Kachiwiri magetsi anazima, netiweki n'kupita nawo. Zimenezo sindilimbana nazo kwambiri, tinazizolowera.

Kachitatu ndi komwe kumandipweteka. Linali Lachisanu masana, ndikusewera ndi Afundi, ndipo inali nthawi yanga yosuntha. Anandiimbira.

"Akalaliki, kumzikiti aitana. Ndikukaswali. Musandibere."

"Zaka zonsezi ndinakuberanipo?"

"Simunapeze mpata basi."

Pakhonde la shopu lija, Afundi akapita kukaswali, tinkavundikira thabwa ndi kansalu kotsala posoka, ndipo palibe ankalikhudza. Sugwira nkhomo mnzako atatembenuka. Ndiye ndinadikira, ngakhale ndinali nditaona kale njira yowadyera mzere wonse wa kutsogolo. Wotchi inathera m'manja mwanga. Iwo amene anachoka ndiwo anapambana. Ine amene ndinakhala pomwepo ndine ndinathawa.

Zikakwana katatu, mawu aja sachokanso. Amakhala pamwamba, poti aliyense awone asanavomere kusewera nawe. Ambiri tsopano amandikana.

Pali gulu la pa foni la osewera masewerowa, ena a ku Lilongwe, ena a ku Mzuzu, ena ali ku Joni. Ndinalembamo nkhani yonse mwadongosolo, ndime zinayi. Woyamba kuyankha anati, "Madala, kalata yonseyi? Bwanji osakaponya ku positi?" Wina anati, "Gemu ilibe vuto, vuto ndi netiweki ya kunyanja, imabwera ngati usipa." Wina anangofunsa kuti, "Kodi malirowo anali anu?" Mayi mmodzi yekha ndiye anandiikira kumbuyo. Anati iyenso wotchi inamudyera masewero akuyamwitsa mwana. Mawu ake anamira m'tizithunzi ta nkhope zoseka. Posakhalitsa anali atandiiwala, akukangana za otsatsa malonda amene amalowerera pakati pa masewero. Ena ankati zinthu zinali bwino kale asanazikonze, ena ankati wodandaula akagule thabwa. Izinso ndinakopera, ngakhale zachipongwezo.

M'sitolo muja muli malo opereka nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu, ndipo ndi pomwe madandaulo anga anapita. Ndinapereka imodzi, ndi zifukwa zake. Yankho linabwera ndisanaike n'komwe foni pansi, londithokoza kuti maganizo anga ndi amtengo wapatali. Pa dandaulo lachiwiri linabwera yankho lomwelo, lachitatunso chimodzimodzi, mpaka mipumiro yake. Ndinatsegula masamba a kope langa n'kuwafananitsa mzere ndi mzere. Kalaliki aliyense amaidziwa kalata yoyankhidwa isanawerengedwe. Ndinalembapo zotere inenso, masiku amene bwana analibe nthawi, ndipo sindinaganizepo za munthu woilandira.

Mwezi watha Afundi anandiimbiranso.

"Akalaliki, mwana akuti n'zosavuta. Mungolembetsa dzina lina, mukhale munthu watsopano."

"Dzina ndili nalo limodzi, Afundi."

"Ndiye muzithawa nalo lomwelo!"

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo ndinadikira kuti chiwasiye. Atapeza mpweya anati, "Ine ndikudziwa kuti munandidikira."

"Inu mukudziwa," ndinatero. "Koma polembedwa palembedwa zina."

Chifuwa chimenecho sichikuwasiya. Masiku ena mwana wawo ndiye amayankha foni, n'kunena kuti agona. Pa anthu onse amene amawona mawu ofiira aja, ndi iwo okha angaime n'kunena zomwe zinachitika Lachisanu lija. Adzukulu anga amasewera masewero omwewa, ndipo dzina la agogo awo amaliona. Ndatopa kufotokoza. Ndatopanso kukwera kachitunda ka kuseri kwa nyumba kukasaka netiweki yoti nditumizire mawu amene palibe akuwawerenga. Kope latsala masamba ochepa, ndipo sindikufuna kugula lina chifukwa cha nkhani yomweyi.

Choncho, kwa inu amene munapanga masewerowa, kulikonse kumene muli, ndikupempha mwaulemu zinthu ziwiri. Muikemo njira yovundikira thabwa, kuti munthu athe kuimirira maliro kapena kudikira mnzake wopita kukapemphera. Ndipo mawu akuti "wathawa" muwachotse pambali pa dzina langa. Za tsiku la magetsi lija mukhoza kuzisiya, ndazivomera. Ndikupempha kuti nkhaniyi iwerengedwe ndi munthu, ndipo iyankhidwe molemba, mboni yanga ikadali moyo.