Malemu Ekblom Afunsira Mbeta

A Torvald Ekblom a mumzinda wa Gävle, dalaivala wa basi wopuma pantchito, ankakonda nambala yawo ya unzika kuposa dzina lawo lenileni. Kuchipatala, kubanki, ngakhale kogula nsapato, wogulitsa asanatsegule pakamwa iwo amakhala ataiimba kale ngati nyimbo ya fuko. Mawu awo anali amodzi: "Kaundula wa boma sanama." Mkazi wawo, mayi Gunnel, akadandaula mwendo, bambowo ankangofunsa ngati dokotala walemba zimenezo. Chikwatirane, mayiwo ankangopirira.

Tsiku lina a Torvald adapita kukatenga mankhwala a mtima. Atatchula nambala monyadira, mtsikana wogulitsa adayang'ana kompyuta, n'kuyang'ana iwo.

"Pepani bambo, mwini nambala iyi adamwalira Lachiwiri."

"Iwe, ndamwalira bwanji ndili chilili pano?"

"Ine ndikungowerenga zomwe zalembedwa."

Kudali kuterereka kwa chala cha dokotala wina polemba imfa ya munthu wina. Ndiye poti makompyuta a boma amapatsirana nkhani msanga kuposa amiseche, pofika madzulo khadi la kubanki lidakana, penshoni idaima, ndipo mayi Gunnel anali atalembedwa kuti ndi wamasiye. Bambowo adawapeza akumwa khofi mtima uli m'malo.

"Gunnel, mawa ukawauze kuti ndili moyo!"

"Ine ndinganene chiyani, a malemu? Kaundula sanama."

A Torvald adayenda okha ofesi ndi ofesi, ndipo paliponse ankafunsidwa nambala yomwe ija ya wakufa. Munthu wamkulu mpaka kulira pamzere, abale! Patapita milungu adawaukitsa m'kaundula, koma kalaliki adawonjezera kankhani.

"Moyo takubwezerani, bambo, koma banja lidatha ndi imfa ija. Apa mukuoneka osakwatira. Mukamangitsenso ukwati, ngati mayi avomera."

Apo mpamene mantha enieni adawagwira. Adavala tayi, adagula maluwa, chinthu chomwe anali asanachitepo. Adapeza mayi Gunnel atasanjika mwendo uja pampando, akupaka batala pabuledi.

"Mwendo uli bwanji, Gunnel?" adafunsa.

"Ha! Mpaka mufe kaye kuti mufunse?"

"Ndimati... kodi ungandilolenso?"

Mayiwo adaluma buledi, n'kutafuna mosafulumira.

"Umasiye wandikomera, a Ekblom. Ndiganize kaye."