Mzere Wokhota pa Mutu wa Mphenzi

Anthu amawatchula kuti a Mzere, chifukwa akakumeta, m'mphepete mwa tsitsi pachipumi mumawongoka ngati agwiritsa ntchito rula. Malo awo ometera ndi kachipinda kopanikizika pakati pa sitolo ya penti ndi ya mankhwala. Muli mpando umodzi wozungulira, benchi ya odikira ndi galasi lothimbirira m'makona. Makina akafika pachipumi, salola munthu kudutsa kumbuyo kwawo. Ngakhale akazi awo akabwera ndi chakudya amaima pakhomo mpaka makinawo atazima.

Mmodzi mwa amene amawameta ndi Mphenzi, wosewera mpira amene nkhope yake ili pazikwangwani za mumsewu. Anayamba kumumeta ali kamwana kolira, atakakhazika pathabwa kuti kafike pagalasi. Atatchuka sanasinthe wometa. Ankabwera m'mawa kuli zii, atavala chipewa, galimoto ataisiya kutali.

Tsiku lina anafika mochedwa, sukulu zitaweruka.

"Ankolo, mawa akundijambula anthu otsatsa malonda," anatero Mphenzi akukhala pampando. "Mundikonze bwino."

"Ndinayamba ndakuwonongapo liti? Wongola khosi."

Mayi wa sitolo ya penti ndiye anamuona poyamba, ndipo foni yake sinachedwe. A Mzere asanamalize m'mbali, pakhomo panada ndi anthu. Ana asukulu anakanikiza mphuno pawindo. Bambo wina wa tayi analowa osaodira n'kukaima pafupi ndi galasi.

"Mphenzi, penate ija unaganiza chiyani? Ine ndi mimba yangayi ndikanachinya."

"Tayang'anani kuno, achimwene, kamodzi kokha," anatero mtsikana wina, foni ili m'mwamba.

Mayi wina anamuika khanda pamiyendo, pansalu yodzaza tsitsi, n'kubwerera m'mbuyo kuti ajambule. A Mzere anazimitsa makina.

"Tulukani nonse. Muno ndi pantchito."

"Madala, ife sitinabwerere inu," anayankha wa tayi uja, anthu n'kuseka.

Mphenzi ankamwetulira mbali zonse, koma anayankhula chapansipansi. "Ankolo, musawakalipire, akujambula. Mawa zimveka paliponse kuti ndine wonyada. Ingomalizani msanga."

A Mzere anayang'ana m'galasi. Kumbuyo kwawo kunali mitu yokhayokha. Mtima unkawauza kuti apachike makina, koma mutu unali wometedwa theka, ndipo mwanayo anali atawapempha. Anapinda zigongono, nayatsanso.

Makina atangofika pachipumi, mnyamata wina wamtali anatembenuka, n'kutambasula dzanja kuti adzijambule limodzi ndi Mphenzi. Nkhope ziwirizo sizinkakwana mufoni, ndiye anabwerera chafutambuyo. Msana wake unagunda chigongono cha a Mzere. Makina analima kanjira koyera kuchoka pachipumi, kukhotera kumanzere, mpaka pakati pa mutu.

Mafoni onse anakwera m'mwamba.

"Pepani, madala," anatero wamtali uja, maso ali pafoni kuona ngati chithunzi chatuluka bwino.

"Timete mpala basi," anatero a Mzere.

"Sizitheka, ankolo. Otsatsa aja anakaniratu mpala."

Choncho anangosalaza m'mbali mwa kanjirako kuti kaoneke ngati kadala. Chiyambireni ntchito anali asanatulutsepo munthu ndi mutu wotero. Pamene Mphenzi ankatuluka, gulu lonse linamutsatira, kupatula ana awiri amene ankatola tsitsi lake pansi n'kumaika m'matumba a yunifolomu.

Chikwangwani chatsopano chitakwera pamsewu, kanjira kaja kanali pamenepo, kotalika ngati chitseko. Anyamata anayamba kubwera.

"Madala, ndimeteni ya Mphenzi."

"Imeneyo si meta, ndi ngozi. Pitani kwina."

Anapitadi kwina, koma pakhomo sipanachoke anthu. Ankakhala pakhonde tsiku lonse kudikira ngati Mphenzi abwere, ena kudzijambula atakhala pampando wake. Madoda amene ankabwera kudzameta ndevu mwakachetechete anatopa n'kupempha njira, nasiya kubwera.

"Mungowameta anawo, bambo," ankatero akazi awo. "Tsitsi limamera."

"Ine ndizilakwitsa dala? Ndi manja angawa?"

Mphenzi sanapondenso pamalopo. Tsitsi litakula anatumiza galimoto kuti ikatenge a Mzere. Kunyumba kwake, kuseri kwa geti lalitali, anawakonzera mpando pakhonde lopanda munthu. A Mzere anameta m'mbali ndi kumbuyo, mtima ukubwerera m'malo.

"Ankolo, musaiwale kanjira kaja," anatero Mphenzi mwamanyazi. "Otsatsa aja akuti ndisakasinthe mpaka mgwirizano utatha."

A Mzere anapumira m'mwamba. Anaika makina pachipumi, nayesa kukhotetsa dzanja, koma dzanjalo linayenda monga linazolowera. Mphenzi anadziyang'ana m'kagalasi, uku ndi uku.

"Kawongoka kwambiri, ankolo. Kaja kanali kokhota."

A Mzere anazimitsa makina n'kuyamba kukulunga chingwe.

"Ine kumeta kokhota sindikudziwa, mwana wanga. Kamufunefune wamtali uja adzandigundenso."